Ndinakhalira Simenti Yosauma

1

Dzina langa ndine Matilda, ndipo a mkonzi musavutike n'kulisintha. Kuyambira pa Nsanama mpaka ku Nayuchi, nkhani yangayi ikudziwika ndi mbuzi zomwe. Chimene anthu sadziwa ndi mmene inayambira, n'chifukwa chake ndati ndiifotokoze ndekha ena asanaithire tsabola wowonjezera.

Chaka chatha, cha 1979, ndinalemba mayeso a Fomu Folo n'kubwerera kumudzi ndi sutikesi yodzaza timabuku tachikondi timene ndinabwereka kwa anzanga osabweza. M'timabuku timeneti mwamuna amafika mwadzidzidzi, wamtali, wosayankhulayankhula, wa chipsera penapake, ndipo mtsikana amadziwa nthawi yomweyo. Ine ndinali wokonzeka kudziwa. Chinkasowa ndi mwamunayo basi.

Kwathu ndinapeza zimene ndinasiya: nyumba ya malata imene ababa anamanga asanamwalire, mtengo wa mango pakati pa bwalo, ndi amayi.

Amayi ndawatchula kumapeto mwadala, pakuti ndi mmene ndinkawawerengera. Kwa ine anali ngati mtondo: chinthu chothandiza, chokhala pamalo pake, chimene munthu sachicheukira kawiri. Zakuda anavula kalekale, akuchimuna anawasudzula bwinobwino, koma duku linakhalabe lomangidwa mpaka m'nsidze. Kumunda, kuchitsime, Lamlungu kutchalitchi. Chaka chimenecho anali atalowanso kwaya, zimene ine ndinaziona ngati chizindikiro cha ukalamba. Dzina lawo ndi Sabina, koma mukanandifunsa modzidzimutsa ndikanayamba ndaganiza kaye.

Atsibweni anga a Blasius, alongo awo a amayi, ndi kalaliki ku Limbe. Iwowo anandipezera malo pa sukulu ya taipi, kosi yoyamba mu Novembala. Malo anali amodzi, ofuna awiri: ine ndi Eliza, mwana wawo wobereka okha. Anasankha ine poti ndine wa mbumba yawo, ndipo akazi awo anawaphikira ndiwo zopanda mchere mpaka mwezi unatha.

"Ndibwera kumapeto kwa Seputembala kudzamva yankho," anatero. "Ukazengereza, Eliza ali ndi zala khumi ngati iwe."

2

A Wyson ndinawaona koyamba pa chipata cha msika, anyamata a Yufi akufunsa makhadi a chipani. Anthu ankapisa m'masokosi, m'mipango, m'malo ena osatchulika. Iwo anatulutsa lawo m'kachikwama kachikopa, pang'onopang'ono, ngati akuonetsa chithunzi cha galimoto yawo. Kutalika analidi wamtali. Chipsera chinalipo, pachibwano. Mtima wanga unangoti phaa!

"Zaina, uyo ndani?" ndinafunsa mnzanga wa paubwana, amene amakazinga zitumbuwa pafupi ndi chipatacho.

"Uyo? Mmisiri wa kwa Nsamala, ku Balaka. Anali ku Joni, kenako ankaika matailosi m'nyumba za a njanji ku Liwonde. Pano akumanga sitolo iyo. Tseka pakamwa, ntchentche zilowa."

"Ali ndi mkazi?"

"Anamuthawa ali ku Joni, anapita ndi wogula fodya. Iwe Matilda, munthuyo ali ndi imvi m'makutu."

"Imvi ndi nzeru."

"Kwa iwe ngakhale chifuwa chachikulu ndi ndakatulo."

Lamlungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, belu la njinga linalira pakhomo pathu. A Wyson! Kumbuyo anamangirira thumba lolira ngati muli mabotolo. Ine ndi amayi tinali pamkeka tikusenda nandolo. Anatsika, anavula chipewa, anapereka moni wautali wa anthu oleredwa, kenako anayang'ana m'mwamba mumtengo wa mango.

"Mayi, mthunzi uwu ukungotayika. Mundilole ndimangepo tebulo ndi mabenchi awiri. Zidutswa za matailosi ndili nazo zotsala kuntchito, zikungondilasa kumapazi."

"Tebulo panja?" anatero amayi. "Chiswe cha kuno simukuchidziwa."

"La simenti, mayi. Chiswe chidzaguluka mano."

"Nanga mukadzalifuna kwanu, mudzalinyamula bwanji?"

"Silinyamulika."

Liwu limodzi lokhalo, ananena akuyang'ana cha kumkeka. Ine ndinakhuthula lichero lonse la nandolo.

Owerenga a m'tauni, dikirani ndikumasulireni. Kwathu kuno mwamuna ndiye amasamuka kukakhala kwa mkazi. Nkhokwe, khola, chilichonse chimene wamanga chimatsala pakhomopo tsiku limene amuloza njira. N'chifukwa chake mwamuna wochenjera wa kuno amakonda zinthu za matayala ndi zogwirira: njinga, wailesi, sutikesi. Ukaona mwamuna akuthira simenti pabwalo la eni, dziwa kuti wafika, sakupitanso.

Izi ndinaziwerenga molondola. Muzikumbukire, chifukwa ndi chinthu chokhacho chimene ndinawerenga molondola chaka chonsecho.

3

Ntchito inkachitika madzulo akaweruka kusitolo kuja. Miyendo ya njerwa, pamwamba konkire ya mawaya mkati. Ine amene mutu unkandiwawa ndikangomva za chitsime, ndinasanduka wotunga madzi wa boma lonse la Machinga. Ndowa pamutu, mafuta kumaso, kayendedwe koyeserera.

Ankanditchula kuti a Fomu Folo. "A Fomu Folo, madzi." "A Fomu Folo, musaponde apo." "A Fomu Folo, mwaima pa mthunzi wanga." Ine ndinkamva ngati nyimbo. M'mabuku anga mwamuna akamakuseka ndiye kuti mkatimu akupsa.

Pa mabenchi anayala timatailosi tating'ono tobiriwira ta makona anayi, totsala ku mabafa a azungu a njanji. Pa tebulo anayala zidutswa za mitundumitundu, akuzitembenuza ndi kuzisuntha ngati munthu wosewera bawo yekha. Pakati penipeni anasiya malo ozungulira.

"Apa pakufunika chinthu chochokera m'nyumba muno," anatero.

M'kabati mwathu munali mbale imodzi yoyera ya maluwa a buluu, imene ababa anagula kutsidya kwa Nayuchi sitima itangoyamba kuyenda. Sitinadyeremo ndi tsiku limodzi lomwe. Ndili mwana ndinakwapulidwa chifukwa chongoipumira. Tsiku lina ndikuchokera kuchitsime ndinaipeza pakati pa tebulo, yoswedwa mwaluso, maluwa ake atayalidwa mozungulira.

Misozi inangoti mbwembwembwe. Amayi aswa mbale ya ababa chifukwa cha ine! Ndinathamangira kukhitchini n'kuwakumbatira chakumbuyo.

"Iwe, wayamba misala?" anatero, osasiya kusefa ufa.

Sabata yomweyo atsibweni anafika, jekete paphewa, thukuta chuchuchu. Anazungulira tebulo lija, analigogoda ndi chala, anayang'ana alongo awo, kenako anayang'ana ine.

"Eya, mwana wa mlongo wanga. Yankho."

"Kutaipi sindipita, atsibweni."

"Wati chiyani?"

"Pali munthu."

"Munthu! Dziko lonseli ladzaza anthu. Ali ndi dzina?"

"Mudzalimva kwa ankhoswe ake."

"Ndi kamnyamata kaja kankakulembera makalata kusukulu?" anafunsa amayi.

Ndinangomwetulira, kuwasiya aganize zimene akufuna. Chikondi chobisa chimakoma. Zinalembedwa pafupifupi m'buku lililonse.

"Pita kusukulu, Matilda," amayi anandidandaulira. "Mwamuna weniweni amadikira."

"Inu amayi, za amuna mukudziwapo chiyani?"

Atsibweni anatsokomola ngati atsamwa ndi fupa la chambo. Amayi anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa komaliza," anatero atsibweni. "Malowa ndinawapeza ndi mawondo, kugwadira anthu amene sindingawapatse moni pamsewu."

"Apatseni a Eliza. Taipi imawayenera anthu osafunsiridwa."

"Chabwino," anatero, akuvala jekete ngakhale kunali kotentha. "Mawu akowo ndikamuuza mmene wawanenera. Adzamulimbikitsa pa maphunziro."

4

Linafika tsiku lomata mipata ya pakati pa zidutswa zija.

"Kuyala matailosi ndi masewera, a Fomu Folo," anatero a Wyson. "Ntchito ndi mipatayi. Mpata umodzi ukatsala, mvula ilowa, chidutswa chitukuka, chaka chamawa mukudyera pa mabowo."

Anakanda simenti yoyera m'beseni mpaka inalimba ngati chiponde. Anadula patapata yakale n'kumakankhira nayo simentiyo m'mipata, mopingasa, uku ndi uku, pena akukanikiza ndi chala. Posakhalitsa mbali imodzi ya tebulo lokongola lija inangoti mbuu, ngati yagwera m'chigayo.

"Mwaliwononga!"

"Dikirani. Ntchito iyi ndi ya anthu awiri. Wina amamata, wina amapukuta pambuyo. Koma wopukutayo asafulumire. Mudikire simentiyi isiye kunyezimira, mukaikhudza isamatirire kuchala. Mukafulumira mukokolola zonse. Mukachedwa iumira pamwamba pa maluwa, sichokanso. Chiguduli muchifinye mpaka chisadonthe, ndipo mupukute mopingasa, osati motsata mizere. Mwamva?"

"Ndamva."

"Ndikukatenga masaka kusitolo. Musakhudze ndisanabwere."

Ntchito ya anthu awiri! Zina zonse zimene ananena zinalowa khutu ili n'kutulukira ilo. Ndinadikira nthawi yokwana Tikuoneni Maria mmodzi, ndipo ndikuvomera kuti ndinamupemphera mothamanga. Kenako ndinaganiza: bwanji akapeze maluwa a mbale ya ababa akuwala, ine nditaima pambali, tsitsi likuuluzika? Tsitsi langa siliuluzika, koma m'maganizo limatero.

Ndinaviika chiguduli mundowa, osafinya, n'kuyamba kukwecha ngati ndikutsuka poto wa nyemba. Madzi oyera anayenderera m'miyendo ya tebulo. Zidutswa zinayamba kuoneka, eya, koma mipata ya pakona inatsala yopanda kanthu ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Chidutswa china chofiira chinatsalira m'manja mwanga.

A Wyson anafika, anatula masaka, anaimba kalikhweru kakang'ono.

"Ndimafuna ndikudabwitseni," ndinatero.

"Mwandidabwitsa."

Anamatanso pakonapo, anapukuta okha mbali imene anayamba, kenako anayang'ana dzuwa.

"Kwinaku ndidzamata m'mamawa, dzuwa lisanakwiye. Inu mupume. Manja anuwo ndi a taipi."

Ndinagona ndikumwetulira. Aona manja anga!

Kutacha, ndiye kuti dzuwa litafika kale pazenera, ndinapeza tebulo lonse litafunditsidwa masaka onyowa. Ndinavundukula pakona. Mayi wanga ine! Mizere yoyera, yosalala, yofanana ngati mano a mwana. Maluwa a buluu akuwala ngati angotsukidwa kumene ndi mvula.

"Anakupukutirani ndani?" ndinafunsa a Wyson, amene ankatsuka beseni.

"Alipo wodziwa kudikira." Anaseka, n'kundionetsa nsonga za zala zawo, zosupuka, zofiira. "Simenti imadya khungu, a Fomu Folo. Wogwira ntchito iyi sabisika."

5

Alipo! Mkazi wina anabwera pabwalo pathu mbandakucha, n'kupukuta tebulo langa, pambali pa mwamuna wanga, ine ndili m'bulangete.

Ndani amadutsa njira ya kwathu m'mamawa? Zaina, ndi beseni lake la ufa ndi nthochi.

Ndinamupeza pamsika makasitomala atamuzungulira. Ndinamugwira mikono yonse iwiri.

"Ndione zala zako!"

"Iwe! Mafuta awa ndi otentha!"

"Tambasula, njoka iwe!"

Anatambasula. Zipsera za mafuta zinalipo, zakalekale, koma khungu linali lonse.

"Walahi Matilda, wapenga," anatero. "Ine ndi Mkhristu wa imvi m'makutu? Ababa angandisende ndisanafike n'komwe pa mzikiti. Ukufuna zala? Gula chitumbuwa, ndikupatse ndi chala chomwe."

Lamlungu kutchalitchi, pa nthawi yopatsana mtendere, ndinagwira dzanja la mtsikana aliyense wosakwatiwa, benchi ndi benchi, ndikusisita nsonga za zala, mpaka bambo mfumu anaima kundidikira. Atsikana onse a parishi yathu ali ndi zala zabwino. Ndikhoza kuchitira umboni.

Ndinapangana ndi mtima wanga kudzuka ndi nkhuku kuti ndimugwire wakubayo. Tsiku limene anamata benchi loyamba, nkhuku zinadzuka, ine ndinadzutsidwa ndi njala. Ndinapeza masaka onyowa, a Wyson akutsuka beseni, amayi atapita kale kuchitsime.

Madzulo ake ndinawapeza amayi pakhonde akudzola mafuta a nsatsi m'manja.

"Chidulo chandidya zala," anatero.

"Muzisamala amayi. Khungu la anthu akuluakulu silichedwa kung'ambika." Ndinawamangira kansanza ine ndemwe, maso ali kumsewu, ndikuganiza za mdani wanga.

Koma Lachitatu nsanje yonse inasungunuka. Ndili kuseri kwa nkhokwe ndinamva a Wyson akuti: "Loweruka likubwerali akwathu afika, mayi, pa basi ya masana. A Blasius ndawatumizira uthenga."

Ankhoswe! Ndiye wopukuta uja anali waganyu chabe. Ndinathamangira kumsika, ndinapepesa Zaina, ndinagula zitumbuwa zimene sindinkazifuna, ndipo ndinauza aliyense amene anali ndi makutu: ogulitsa usipa, telala, wokonza njinga, ndi anyamata a Yufi omwe.

"Wakufunsira ndi pakamwa pake?" anafunsa Zaina.

"Zinthu zina sizifuna pakamwa."

"Ukwati umafuna pakamwa, mwali. Ngakhale mbuzi amayamba afunsa mwini wake."

"Udzabwere Loweruka. Udzaone wekha."

"Ndibwera," anatero. "Ndi anthu."

6

Basi ya masana ija alendo sanaidikire. Anapeza lole ya matola n'kufika m'mawa, benchi lachiwiri litangomatidwa n'kupukutidwa. Ndinasuzumira pazenera: mkulu wina wamfupi wa ndodo, amene anali atsibweni awo a Wyson, mnzake wonyamula tambala kukhwapa, ndi atsibweni anga a Blasius amene anagona kwa anzawo pa Nsanama. Akuluakulu anakhala pa benchi louma. A Wyson anafunditsa linalo masaka msangamsanga n'kukakhala pa njerwa chapatali, chipewa pabondo.

Ndinavala diresi langa la buluu wakuda, limene telala analitsitsa mpendero kuti lisalimbane ndi lamulo loletsa kuonetsa mawondo. Ndinadzola, ndinapesa, ndinadzolanso. Kuseri kwa mpanda wa udzu kunali mitu. Zaina anasunga lonjezo: theka la msika linali pamenepo.

Mwambo wake, mkazi amadikira m'nyumba mpaka amuitane. Amayi ndiye anali kuchipinda chawo, chitseko chotseka, ndipo ine ndinati akulira poti mwana wawo akupita. Ndinadikira. Akuluakulu anafunsana za mvula. Anafunsana za mitengo ya thonje. Anayamba za matenda a nkhuku. Pamenepo mtima wanga unakana.

Ndinatuluka ndikuyenda monga ndinkayeserera, ndinagwada pang'ono, ndinakoka masaka aja n'kuwaponya uko, ndipo ndinakhala pa benchi latsopano, moyang'anizana ndi alendo, manja pamiyendo.

"A Fomu Folo, iyayi!" a Wyson anadzambatuka. "Pamenepo..."

"Musadandaule," ndinatero ndi mawu otsekemera. "Sindichita manyazi."

Ndinamva kuzizira kukulowa m'diresi. Ndinati ndi mmene chimwemwe chimamvekera.

Mkulu wa ndodo anayang'ana atsibweni. Atsibweni anatseka maso ngati akupemphera. Poti mwana wamwano samuthamangitsa pamaso pa alendo, mkuluyo anakonza kukhosi n'kuyamba.

"Ife a kwa Nsamala tabwera ndi nkhani yaing'ono. Tambala wathu uyu wakhala akulira yekha nthawi yaitali. Ndiye akuti pakhomo pano waonapo nkhuku."

"Nkhuku pano zilipo," anayankha atsibweni, maso akadali otseka. "Tinene kuti waona iti?"

Ndinaweramitsa mutu, kumwetulira kukundithawa m'milomo.

"Msoti tauona, ndi uwu wakhala apawu," anatero mkuluyo, akundiloza ndi ndodo mwaulemu. "Wokongola, ndipo tidzaulera ngati wathu. Koma tambala wathu ndi wamkulu. Iye wanena thadzi."

Kuseri kwa mpanda wina anati, "Hiii!"

"Sabina!" anaitana atsibweni. "Tulukani, alendo akuoneni."

Chitseko chinatseguka. Anatuluka mkazi wina amene sindinamuonepo: chitenje chatsopano, bulauzi yoyera, duku lomangidwa chakumbuyo, chipumi chonse pamtunda, ndolo m'makutu. Anayenda chowerama, anagwada pafupi ndi tebulo, anaika manja ake pa maluwa a buluu aja. Nsonga za zala zinali zosupuka, zofiira, ndipo chala chimodzi chinali ndi kansanza kamene ndinamanga ine.

"Munthuyu mukumudziwa?" anafunsa atsibweni.

"Ndikumudziwa," anatero amayi, ndipo anaseka. Amayi anga ali ndi kampata pakati pa mano a kutsogolo. Ndinali ndisanakaonepo.

Ndinaimirira. Diresi linakana pang'ono, kenako linamatuka ndi kaphokoso. Ndinatembenuka kuti ndithawire m'nyumba, ndipo potembenukapo ndinapatsa msika wonse wa Nsanama chimene unadzera. Kumbuyo kwanga, pa buluu wakuda uja, panali mizere yoyera ya makona anayi, yowongoka bwino, ntchito ya mmisiri.

"Dirafuti!" anakuwa wokonza njinga. "Bweretsani zitsekerero za mabotolo tisewere!"

Mpanda unagwa. Sindikunama, unagwa ndi kuseka.

7

Amayi anandipeza kuseri kwa bafa, nditakhala pa mwala, ndikulira mokweza kuti amve.

"Vula," anatero. "Ikauma sichoka."

Anandipatsa chitenje, anaviika diresi m'beseni, anayamba kulichapa ndi zala zawo zosupukazo. Ndinaona akuluma mlomo sopo akamalowa m'mabala.

"Simukuchita manyazi?" ndinatero. "Pa msinkhu wanu?"

"Msinkhu wanga ndi uti?"

Sindinkadziwa.

"Ndinakubereka ndili wamng'ono kuposa mmene ulili iwe lero. Werengera, si iwe wa Fomu Folo?"

"Bwanji simunandiuze?"

"Mayi amauza mwana wake za chibwenzi? Zimenezo zimadzera kwa ankhoswe. Nanga iwe bwanji sunanene dzina? Ukanangoti Wyson pamaso pa atsibweni ako, lero bwenzi ukulongedza za ku Limbe."

"Munkaona ndikutunga madzi!"

"Ndinkathokoza Mulungu kuti sukulu yakuchotsa ulesi."

Anafinya diresi, analiyang'ana padzuwa, analibwezeranso m'madzi.

"Miyezi yonseyi ndakhala ndikuimba pophika, Matilda. Ndinagula ndolo. Ndinasiya kudzuka ndi mutu. Anansi onse anaona, atsibweni ako anaona tsiku limodzi lokha. Iwe umagona nane nyumba imodzi."

"Nanga mbale ya ababa?"

Manja awo anaima m'madzimo.

"Mbale ija ndinkaiopa. Ndikatsegula kabati inkandiyang'ana. Kuipereka sindikanatha, kudyeramo sindikanatha. A Wyson anati, tiyeni tiike pamene muzidzaiona tsiku lililonse osaopa kuti isweka. Ndinaiswa ndekha, ndi mwala uwo wakhalirawo. Ndinalira, kenako ndinamva njala." Anayambanso kuchapa. "Abambo ako ali pakati pa tebulo. Palibe amene adzawachotsepo."

Ndinafuna kupitiriza kukwiya, koma zinali zovuta poti munthu amene ndinkamukwiyirayo ankachapa diresi langa ndi zala zotuluka magazi.

Madzulo ndinagwada kwa atsibweni. Ndinati ndaganizanso bwino za taipi.

"Eliza analembetsa kale," anatero. "Mawu ako aja ndinamuuza. Akuti ukadzafuna kalata yofunsira ntchito, adzakutaipira."

A Wyson ndiye anandipeza ndikusesa udzu wa mpanda uja. Anaima chapatali, akuzunguza chipewa.

"Sindinkadziwa, a Fomu Folo. Ndinkayesa ndi ulemu wa ana a sukulu."

Mwina n'zoona. Koma mwamuna amene amaona mpata wochepa ngati ulusi pakati pa matailosi, angalephere kuona mtsikana wodzola mafuta popita kuchitsime? Ine ndikuti madzi aulere amachititsa khungu.

8

Ukwati unachitika mvula isanagwe. Ndinaimba nawo, poti kukhala chete kukanawapatsa anthu nkhani ina. Pa Nsanama dzina la Matilda linatha. Ndine Nadirafuti, ndipo ana ena akuganiza kuti ndi la mfunda. Zaina amandipatsa chitumbuwa chaulere ndikalola kuti afotokozere kasitomala watsopano.

Tebulo lilipo. Mvula yagwa, dzuwa lawomba, silinasunthe. Pakona pamene ndinapukuta ine pokha ndi pamene pagumuka, ndipo nyerere zamangapo mudzi. Benchi lachiwiri a Wyson analimatanso, koma ukaliyang'ana dzuwa likupendeka pamaoneka timaenje tiwiri tosaya. Alendo amapatsana mpata wokhalapo.

M'mawa uliwonse ndimawapatsa a Wyson madzi osamba n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, ababa?" Iwo amati, "Ndadzuka, mwana wanga." Liwu limenelo mulibe m'buku lililonse la m'sutikesi mwanga.

Tsono inu atsikana anzanga amene mukuwerenga magazini ino mutabisa m'kati mwa buku la Jogalafe, sindikuuzani kuti musakonde. Ndingakhale wabodza, mlangizi watsopano wa zaulimi ali ndi njinga yamoto ndi maso achisoni. Ndikungoti mwamuna asanatsegule pakamwa pake, inu musatseke chitseko cha sukulu. Ndipo mlendo akafika pakhomo panu n'kuyang'ana cha kumkeka, muwerenge kaye anthu amene akhala pamkekapo. Mayi amene amakuphikiraniyo mumuyang'ane kumaso kamodzi pa chaka. Mwina ali ndi kampata m'mano. Mwina ali ndi zolinga zake za Loweruka.

Eliza akuti tsopano amataipa osayang'ana zala. Ine ndikulemba izi ndi pensulo, pa tebulo losanyamulika, pamwamba pa maluwa a ababa, ndipo ndiyenera kulekeza pano chifukwa akundiitana kuti ndikwere mumtengo. Amayi anga, mtondo uja, owerenga, ayamba kulakalaka mango osapsa.